Mkuwa wa ku Antwerp, Thabwa la ku China

M'chaka cha 1593 ku Antwerp kudasindikizidwa buku la Bambo Jerónimo Nadal, Myezuiti, la zithunzi 153 za moyo wa Ambuye Yesu. Zambiri mwa izo adazizokota pa mkuwa ndi amisiri a banja la Wierix: inki inkaloŵa m'mizere yogobedwayo, ndipo makina ankapanikizapo pepala lonyowa kuti liitenge. Bukulo litafika ku China, amisiri akumeneko adasema zithunzizo pa thabwa monga mwa luso lao: ankagoba mosafunika, inki nkumakhala pa mizere yotsala. M'buku la Korona la Bambo João da Rocha, Maria Woyera alandira mngelo m'nyumba yachitchaina. Chipangizo chidasintha, nyumbanso idasintha, koma Mthenga Wabwino ngwomwewo. Nanga ife pophunzitsa, tikusunga chiyani: Mthengawo kapena mkuwa?