Mapazi a vumbwe kuseri kwa khola ku Domwe

M'mawa wa mwezi wa Juni ku Domwe, chisanu chili gwa, mayi akutsegula khola n'kupeza thadzi limodzi palibe. Kuseri kuli nthenga zili mbwee, ndipo pa dothi lonyowa ndi mame pali timapazi tozungulira topanda zikhadabo. Galu ndi nkhandwe zikaponda, zikhadabo zimaoneka. Mphaka amabisa zake. Wamkulu aliyense pamudzi akangoona amadziwa kuti kunabwera vumbwe, mphaka wakutchire.

Odziwa kutchera samangoika msampha paliponse. Amayamba atsata mpita: pomwe nyama imakwawira pansi pa mpanda, m'mphepete mwa munda pomwe udzu sunapse, pa chulu chokhala ndi una wakale, kapena m'mipata ya miyala m'munsi mwa phiri la Domwe, lotalika mamita oposa 2,000. Pomwe pali mauna ambiri a mbewa, vumbwe sakhala patali, chifukwa ndiwo zake zenizeni ndi zimenezo. Nkhuku amangodyera mwayi.

Njuzi nayo, ya miyendo yaitali, makutu aakulu ndi chikopa chamawangamawanga, ili ndi kwake. Imakonda dambo la udzu wautali, komwenso anthu amatsegula madimba a mbatatesi ndi kabichi. Chikopa chake n'chosiririka kwa ovina ngoma, gule wa Angoni a Maseko omwe anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870.

Nzeru yotsata mapaziyi ndi yamtengo wapatali, koma kumene ikuthera masiku ano n'kodandaulitsa. Malamulo a nkhalango ndi nyama zakutchire omwe boma la Mozambique linakhazikitsa mu 2002 anaika vumbwe ndi njuzi pa mndandanda wa nyama zosaloledwa kusakidwa. Ndiponso khwekhwe wa waya sasankha. Amakola galu wa mnansi, amathyola mwendo wa mbuzi, ndipo chokodwacho chimazunzika usiku wonse. Vumbwe akatha m'deralo, amene amasangalala ndi makoswe a m'nkhokwe.

Mpita womwe wotchera waupeza ndi womwewo wofunika kutseka. Khola likhale lam'mwamba, mitengo yake yothithikana moti dzanja silingalowe, chitseko chikhale chathabwa, makwerero azichotsedwa nkhuku zikalowa, ndipo tchire lozungulira khola lilambulidwe.

Inu a ku Domwe ndi ku Ulongwe, mukaona timapazi timeneto mawa, tengani nkhwangwa ndi luzi mukakonze khola dzuwa lisanalowe.