Cifukwa Ciani Mota ya Cigayo Imapsa?

Aphunzitsi ndi ana inu nonse, lero tikambirana za mota ya magetsi imene imazungulitsa cigayo ndi pampu ya madzi. Kapena munamvapo mwini cigayo alikudandaula kuti mota yapsa. Kodi capsaco n'ciani?

M'kati mwa mota muli waya wa mkuwa wokulungidwa kambirimbiri monga ulusi pa kamtengo. Magetsi ayenera kuyenda m'waya yenseyo, kuyambira ku nsonga iyi kufikira ku nsonga inayo, kuti abale mphamvu ya maginito yozungulitsa mota. Mizere ya wayayo ndi yogundana, koma magetsi sadumphira pa mzere wina cifukwa waya anakutidwa ndi vanishi wopyapyala kuposa pepala la m'buku lanu.

Vanishi akasupuka, mkuwa umakhudzana ndi mkuwa unzace, ndipo magetsi amadzera njira yacidule. Amisiri amati imeneyi ndi shoti. Pamalopo pamayenda magetsi ambiri, pamatentha koopsa, vanishi wa mizere yoyandikana nayenso amapserera. Waya wosupukayo akakhudza citsulo ca kunja kwa mota, munthu wogwirapo akhoza kufa.

Mdani woyamba wa vanishi ndi kutentha. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, koma vanishi wa mota zambiri sapirira kupitirira madigiri 155. Kutentha kukapyola muyeso ndi madigiri 10 okha, masiku a vanishi amacepa ndi theka. Izi zimacitika wogayitsa akathira cimanga cambiri nthawi imodzi, kapena fumbi la ufa likatseka modzera mphepo. Adani ena ndiwo cinyontho ca m'dzinja ndi kunjenjemera kwa mota yosamangitsa bwino, kumene kumapekesa mizere ya waya.

Mukamva fungo la cinthu copserera, mukaona utsi, kapena fyuzi ikamaduka kawirikawiri, uzani akulu azimitse magetsi msanga. Asaike msomali m'malo mwa fyuzi! Mmisiri adzapima vanishi ndi cipangizo cochedwa Megger. Mota ikapsa, ayenera kucotsa waya yense ndi kukulunga watsopano, ndipo masiku onsewo amai amabwerera ku mtondo.

Aphunzitsi, pezani waya wa mota yakufa, batire la tochi ndi babu. Lumikizani: babu siyaka. Tsono palani nsonga za wayayo ndi mpeni, nimulumikizenso. Ana afotokoze okha cifukwa cace babu yayaka. Inu ana, yesani izi ndi batire la tochi lokha, osati ndi magetsi a m'nyumba.