Titeteze akalulu athu ku tizilombo

Amayi anzanga, m'makomo ambiri a m'boma la Chitipa, kuyambira ku Misuku mpaka ku Nthalire, kuseri kwa nyumba kukumapezeka kakhola ka akalulu. Monga namwino komanso mzamba, zimenezi zimandikondweretsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Kalulu amakhala ndi bere kwa mwezi umodzi wokha, choncho banja limene lili ndi aakazi awiri silisowa ndiwo za nyama za ana ndi amayi oyembekezera. Koma dzinja likafika, ambiri timadandaula kuti akalulu atha kufa. Kawirikawiri chimene chimawapha ndi tizilombo tobwera ndi uve komanso chinyezi.

Adani a kalulu

Woyamba ndi nthata za m'makutu. Kalulu amapukusa mutu, amadzikanda, ndipo m'khutu mumatuluka nkhanambo. Musazikanganule, chifukwa pansi pake pali chilonda. Mafuta ophikira oyera, madontho ochepa, amafewetsa nkhanambozo, koma kuti nthatazo zitheretu pamafunika mankhwala a Ivermectin operekedwa ndi alangizi a ziweto. Mtundu wina wa nthata umayambitsa mphere pamphuno ndi kumapazi.

Wachiwiri ndi ntchentche. Zimaikira mazira pa ubweya wonyowa ndi mkodzo kapena ndowe, ndipo nyengo ikakhala yofunda mphutsi zimaswa pasanathe tsiku limodzi n'kuyamba kudya mnofu. Kalulu wotsekula m'mimba ndiye amagwidwa msanga.

Wachitatu saoneka ndi maso. Ndi tizilombo ta m'matumbo ndi m'chiwindi toyambitsa matenda a coccidiosis. Timapha kwambiri ana a kalulu ongosiya kuyamwa: amatsekula m'mimba, mimba imatupa, amaonda. Timazira take timatuluka ndi ndowe, koma timafunika tsiku limodzi kapena awiri tili pachinyezi kuti tikhwime ndi kuyamba kupatsira matenda. Ndiye chifukwa chake mayi amene amasesa khola tsiku lililonse amakhala atadula matendawa asanayambe.

Tisaiwalenso linthumbu ndi makoswe, zimene zingamalize ana ongobadwa usiku umodzi.

Zoyenera kuchita

Khola likhale lam'mwamba, pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi. Pansi pake pakhale timipata toti ndowe ndi mkodzo zizigwa, koma tosakola mwendo. Denga lisadonthe, mpweya uzipita, ndipo chiperoni kapena mphepo ya mu June ndi July isamawombe mwachindunji. Kuzungulira mizati thirani phulusa, kapena imikani mizatiyo m'zitini za oilo wakutha kuti linthumbu lisakwere.

Sesani m'mawa uliwonse. Ndowe mukatsire kudzenje la manyowa kutali ndi khola, zikathandiza kudimba. Chisoso, kholowa ndi masamba ena musaziponye pansi pamene kalulu amapondapo, zimangeni m'mwamba. Zakudyazi muzithyola pamalo pamene agalu sachitirapo chimbudzi, chifukwa m'chimbudzi cha galu mumakhala mazira a njoka za m'mimba. Mukapha kalulu, matumbo ake musawaponyere galu ali aawisi. Akwirireni, apo ayi njokazo zidzangozungulira pakhomo pomwepo.

Kalulu wachilendo, kaya mwagula pamsika, kaya mwalandira kugulu lathu la amayi, muikeni payekha kwa milungu iwiri musanamuphatikize ndi anzake. Ngakhale tonde wobwereka kwa anansi, yambani mwamuyang'ana m'makutu. Kamodzi pamlungu nyamulani kalulu aliyense, muone makutu, mphuno, mapazi ndi kunsi kwa mchira.

Chenjerani ndi mankhwala

Apa ndiye ndikupemphani kwambiri. Musathire kalulu mankhwala a mbewu, osungira chimanga, a dibi ya ng'ombe kapena palafini. Kalulu amadzinyambita, choncho chimene mwamupaka pakhungu chimathera m'mimba. Mankhwala a utitiri wa agalu okhala ndi fipronil amapha akalulu. Komanso mankhwala otsala m'botolo la zakumwa ndiwo amene ana aang'ono amamwa poyesa kuti ndi chakumwa, ndipo ife a chipatala timawalandira zinthu zitaipa kale. Alangizi akamubaya kalulu jakisoni, afunseni kuti padutse masiku angati musanamudye.

Ana athu

M'makomo ambiri amene amadyetsa ndi kunyamula akalulu ndi ana. Nthata zina za kalulu zimaluma munthu n'kuyambitsa tizilonda toyabwa m'manja, ndipo chipere chimachoka kwa kalulu kupita kwa mwana mosavuta. Ana asambe m'manja ndi sopo akachoka kukhola, makamaka asanadye, ndipo kalulu asagone m'nyumba yogona anthu. Mwana akatuluka chipere kapena zotupa zoyabwa, pitani naye kuchipatala ndipo mukanene kuti pakhomo pali ziweto. Kalulu wofa yekha asadyedwe. Mukwirireni mozama.

Pamsonkhano wanu wa amayi ukubwerawu, gwirizanani tsiku loyenderana makola mvula isanayambe. Amene khola lake lili pansi kapena likudontha, mumuthandize kulikonza.