Timabokosi ta Pansi pa Phazi la Woimba Gitala

M'chaka cha 1978, Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort, adasonkhanitsa achinyamata ku Balaka nakhazikitsa Alleluya Band. Gulu limeneli ndilo lidalera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, ndipo kuchokera pamenepo maimbidwe a Balaka reggae adawanda m'dziko lonse. Mnyamata wa kugombe la nyanja ya Chiuta, amene adayamba ndi banjo ya chigubu namamvera nyimbozi pa wailesi, amalota tsiku lodzagwira gitala yamagetsi. Komatu tsikulo likafika amakhumudwa, pakuti gitala yolumikizidwa ku ampulifaya yokha imalira mouma. Kodi chasowa n'chiyani?

Mwa zina, chasowa ndi timabokosi tija woimba amaponda ali mkati moimba, totchedwa mapedulo. Kabokosi kalikonse kamalandira mawu a nsambo asanafike ku ampulifaya, n'kuwasintha. Wah-wah, imene idayamba kugulitsidwa mu 1967, imaliritsa gitala ngati khanda losiyidwa ndi make. Chorus, yomwe kampani ya Boss ya ku Japan idatulutsa mu 1976, imachititsa gitala imodzi kumveka ngati ziwiri. Delay imabwereza mawu monga likubwezera phiri munthu akafuula, pamene distortion imawakhakhalitsa dala.

Nkhani yagona pa kandandalikidwe kake, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kuchokera ku gitala, wah-wah ikhale patsogolo, distortion itsatire, kenaka chorus, ndipo delay itsirize. Chifukwa chake n'chapafupi: kabokosi kalikonse kamagwira ntchito pa zimene kalandira kwa kanzake. Delay ikatsogola, distortion imaphwanya pamodzi mawu enieni ndi obwereza omwe, zotsatira zake n'kukhala phala. Ampulifaya ina ili ndi timabowo tiwiri kumbuyo, tolembedwa kuti send ndi return. Ngati kukhakhala kwa mawu kukuchokera mu ampulifaya momwemo, malo a delay ndi amenewo. M'nyimbo za reggae kusamalaku n'kofunika koposa, popeza gitala yosunga nyimbo imadula mawu mwachidule, ndipo kukoma kwake kuli m'mpata wa zii umene umatsala. Wochulutsa delay amakwirira mpatawo, ng'oma n'kusowa popumira.

Asanaponde kalikonse, woimba ayambe wakonza ampulifaya kuti izilira bwino payokha, kenaka alinganize voliyumu kuti kabokosi kakayatsidwa phokoso lisadumphe. Masukulu ndi mipingo yambiri ilibe ampulifaya ya gitala, imangodalira zokuzira mawu za pamsonkhano. Distortion yolowetsedwa mwachindunji m'menemo imalasa m'khutu, ndipo ikakwezedwa kwambiri ikhoza kupsereza tisipika tating'ono ta mawu osongoka. Mphunzitsi wosunga zipangizo za sukulu adziwe zimenezi asanabwereketse.

Vuto lina kumadera ngati Ngokwe ndi Nayuchi ndi la moto. Timabokosi tambiri timafuna mavoti 9, pomwe batire ya galimoto kapena ya sola, imene magulu akumudzi amadalira, ili ndi 12. Kuonjezera apo, ta Boss ndi tina tofanana nato tili ndi negativi pakati pa pulagi, mosiyana ndi maadaputa ambiri apanyumba. Wongotola adaputa poona kuti yakwana pabowo akhoza kuwotcha m'kamphindi chinthu chimene adachisungira ndalama za nsomba kapena za mpunga nyengo yathunthu. Batire yaing'ono ya mavoti 9 ilibe ngozi yotere, ndiponso siibweretsa kulira kwa njuchi kumene kumabwera ndi jenereta, kungoti delay ya makono imaimaliza m'maola owerengeka. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti chingwe cha gitala chikasiyidwa m'kabokosi, batire imadyekabe ngakhale kanyali kali kozima. Gulu limene layeserera Lachisanu madzulo n'kupita kukagona osazula chingwe, Loweruka limafika paukwati batire itatheratu.