Kambaula ka Nkhuni pa Msasa wa Kuthengo

M'cigwa ca Luangwa muli anthu ambiri amene amatha masabata osagona m'nyumba. M'miyezi ya Marichi ndi Epulo alimi a ku Mambwe amagona m'misasa kulonda cimanga kuti njobvu zisacithe, ndipo m'cilimwe asodzi amamanga zisakasa m'mbali mwa mtsinje. Onsewa amaphika pa mafuwa atatu monga anacitira makolo. Mafuwa sitiwanyoza ai, koma kuthengo amadya nkhuni zambiri, ndipo mphepo ikaomba, lawi limathawa poto ndi kukagwira udzu.

Pali kambaula ka zitini kamene kangathandize anthu otere. Mapangidwe ake anawakonza bwino Larry Winiarski ku Oregon, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1980, koma mmisiri aliyense wokhoma mbaula za makala angakapange. Tengani citini cacikulu, muikemo paipi yopindika ngati cigongono, mbali yina yotulukira pansi cham'mbali, yina yoyang'ana kumwamba. Mpata wotsala pakati pa paipi ndi citini mudzazemo phulusa louma kuti kutentha kusathawe. Nkhuni zimalowa pakamwa pa m'munsi, mpweya umadutsa pansi pake, ndipo lawi limakwera molunjika ku poto. Pakati pa poto ndi mbaula pakhale mpata wonga cala cimodzi. Mukatseka, moto umatsamwa ndi kungofuka. Citini cimene munali mankhwala ophera tizirombo musacigwiritse nchito konse.

Ubwino wake ndi wakuti kamafuna tinthambi tokha, tonenepa ngati cala ca manthu. Simufunika nkhwangwa. Nthawi ya mvula musatole nkhuni zapansi, pakuti zamwa madzi. Thyolani nthambi zouma zimene zikali pamtengo. Tsanya amayaka motentha kwambiri ndipo m'cigwamo ngwosasowa. Nkhadze ipeweni: utomoni wake umawononga maso ndipo utsi wake ndi woipa.

Amayi adzafunsa za nsima, ndipo funso lao ndi loona. Kambaulaka n'kopepuka, kotero pobvundula ndi mthiko poto angagubuduke ndi kutentha mwana amene wakhala pafupi. Kakwirireni pang'ono mumcenga kapena mukacirikize ndi miyala. Komanso kamafuna munthu wokankhira nkhuni nthawi zonse. Kwa ine nyemba zouma n'zoyenerabe mafuwa. Kambaulaka nka tiyi, phala, nsomba ndi nsima ya anthu atatu kapena anai.

Ngakhale kuzizire motani mu Juni, musakalowetse mu tenti kapena mumsasa wotsekedwa ndi pulasitiki. Moto wosowa mpweya umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Pocoka, makamaka mu Okutobala pamene udzu wauma, thirani madzi pa makala, mutakase, ndipo muyandikize dzanja. Ngati mukumvabe kutentha, thiraninso.