Kusankha purosesa kuli ngati kulemba aganyu a kachewere

Wachinyamata wa ku Chidzolomondo kapena ku Furancungo akafuna kutsegula kashopu kopanga makadi a ukwati, zikwangwani ndi mapositala a misonkhano ya mpingo, amapita ku Tete kapena kuwoloka malire kupita ku Lilongwe kukafuna kompyuta. Kumeneko wogulitsa amamuuza kuti, "Iyi ndi i7, achimwene." Dzina lokhalo silokwanira kutulutsira ndalama zimene munthu wazipeza atagulitsa fodya wa chaka chathunthu.

Purosesa ndi kachipangizo kamene kamagwira ntchito yowerengera m'kompyuta. Mkati mwake muli ma core, ndipo core iliyonse ili ngati waganyu mmodzi m'munda wa kachewere ku Tsangano. Pokumba, kuchuluka kwa anthu kumathandiza: aliyense amatenga mzere wake, munda n'kutha dzuwa lisanapendeke. Koma ikafika nthawi yosoka thumba, singano imagwiridwa ndi munthu mmodzi. Ngakhale ena khumi ataima pambali, thumba lidzatha pa liwiro la dzanja la wosokayo.

Ntchito yambiri ya wojambula ndi yosoka matumba. Mukamasuntha chithunzi mu Photoshop, kukhotetsa zilembo mu CorelDRAW kapena kukuza chizindikiro cha sitolo mu Illustrator, nthawi zambiri katunduyo amagwera core imodzi kapena zochepa. Pamenepa chofunika ndi changu cha waganyu aliyense payekha. Kukumba kwa gulu kumabwera mukamatulutsa vidiyo ya ukwati mu Premiere Pro kapena zithunzi za 3D mu Blender, chifukwa ntchito imeneyo imagawika mizeremizere. Ngati vidiyo si malonda anu, ma core 6 achangu akukwanirani, ndipo kulipira 16 n'kudyetsa anthu amene angokhala pamthunzi.

Tsono changucho mungachidziwe bwanji? Yang'anani m'badwo. Pa mapurosesa a Intel Core, nambala imodzi kapena ziwiri zoyamba pambuyo pa kamzere ndizo zimanena m'badwo. Core i7-3770 ndi ya m'badwo wa 3, inatuluka mu 2012, ndipo ili ndi ma core 4. Core i5-8400 ya 2017 ili ndi 6. Core i5-12400 ya 2022 ilinso ndi 6, koma core yake iliyonse imaisiya kutali ya i7 yakale ija. Munali aganyu amphamvu mu i7-3770 pa nthawi yake, koma zaka zapita. Musanyengedwenso ndi ma GHz olembedwa pa katoni, chifukwa amangonena kuchuluka kwa makasu amene waganyu amaponya, osati dothi limene khasu lililonse limatembenuza. Ma GHz amafananitsidwa bwino pakati pa mapurosesa a m'badwo umodzi.

Palinso nkhani ya Windows. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen kuyambira pa gulu la 2000. Kompyuta yakale kuposa pamenepa, ngakhale itatchipa chotani, ine sindingaigulire bizinesi.

Chilembo cha kumapeto nachonso chili ndi uthenga. F pa Intel amatanthauza kuti purosesayo siitha kuonetsa chithunzi payokha, mufunika kugulanso khadi ya zithunzi. G pa AMD, monga Ryzen 5 5600G ya 2021, amatanthauza kuti mbali yoonetsa zithunzi ili momwemo. Pa laputopu, U ndi yosunga batire ndipo H ndi yamphamvu koma yadyera pa magetsi. Izi n'zofunika kwathu kuno. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, komabe amene amadalira sola ndi batire amawerenga mawati. Ryzen 5 5600G ndi i5-12400 zonse zinalembedwa mawati 65, ndipo sizifuna khadi ina kuti muyambe ntchito.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'kuona munthu atathera ndalama zonse pa purosesa, RAM n'kukhala ya 4 GB. RAM ndi bwalo losankhirapo kachewere. Likachepa, aganyu achangu amaima kudikira malo okhuthulira madengu. Adobe imanena kuti Photoshop imafuna 8 GB pang'ono penipeni, ndipo imalimbikitsa 16 GB. Chikwangwani cha mamita atatu chokhala ndi zithunzi zambiri chimadzaza 8 GB msanga. Onjezerani SSD m'malo mwa hard disk yakale yozungulira, kuti mafayilo azitseguka kasitomala asanatope pabenchi.

Mukafika pa sitolo, pemphani kuti ayatse kompyutayo, mutsegule Task Manager, muwerenge nokha nambala yonse ya purosesa ndi kukula kwa RAM. Tengani pa flash fayilo yanu yolemera kwambiri, muitsegule pomwepo musanalipire. Pa ntchito ya makadi ndi zikwangwani, i5 kapena Ryzen 5 ya m'badwo waposachedwa, RAM ya 16 GB ndi SSD zimaposa i7 ya 2012, ndipo ndalama yotsalayo mugulire pulinta yabwino.