Kodi mumadziwa? Za filimu ya Sixteen Candles

Kodi mumadziwa kuti imodzi mwa mafilimu oseketsa a achinyamata amene anthu a ku America sakuwaiwala mpaka lero inachokera pa kankhani kakang'ono ka makolo kuiwala tsiku lobadwa la mwana wawo? Mu Sixteen Candles, yomwe inatuluka mu Meyi 1984, Samantha Baker wakwanitsa zaka 16, koma pakhomo ponse mitu yatanganidwa ndi ukwati wa mkulu wake Ginny womwe uli mawa lake. Ngakhale agogo afika osakumbukira kanthu.

Iyi ndiyo filimu yoyamba imene John Hughes anaiwongolera. Anailemba m'masiku owerengeka chabe, atakhoma chithunzi cha Molly Ringwald, amene anadzasewera mbali ya Samantha, pafupi ndi desiki yake, mtsikanayo asanamuonepo maso ndi maso. Anaijambulira m'matauni ozungulira Chicago, monga Evanston ndi Skokie, ndi madola 6.5 miliyoni, ndipo inapanga oposa 23 miliyoni.

Kukoma kwake kwagona pakuti ana ake ndi anadi. Ringwald anali ndi zaka 15 pojambula, chimodzimodzi Anthony Michael Hall, amene akusewera kamnyamata kowonda kodziyesa katakwe pa nkhani zofunsira atsikana, waya ali m'mano. Manyazi awo si oyeserera. Ndimakonda kwambiri pamene bambo ake a Samantha akutsika usiku kudzapepesa mwana wawo ali chigonere pa sofa, poti chipinda chake alanda agogo. Pamenepo palibe nthabwala, koma ndipo pamene filimuyi imakugwira mtima.

Koma kodi mumadziwa kuti filimu yomweyi ili ndi zina zimene lero zimanyansa? Muli mwana wasukulu wochokera ku Asia, Long Duk Dong, amene ntchito yake ndi kusekedwa basi: Chingerezi chake ndi chothyokathyoka, ndipo akangotchulidwa kumalira chimbale chachitsulo chija cha m'mafilimu a karate. Amene anasewera mbaliyi, Gedde Watanabe, anabadwira ku Ogden m'chigawo cha Utah, ndi wa mtundu wa ku Japan, ndipo Chingerezi amachiyankhula bwinobwino. Kathyoledwe kaja anachita kukapeka. Ana ambiri a mtundu wa ku Asia amene anakulira ku America m'zaka zimenezo amanena kuti anzawo ankawanyogodola ndi dzina limeneli kusukulu.

Choipa kwambiri ndi cha Jake Ryan, mnyamata wa galimoto yofiira ya Porsche amene Samantha wamufera. Filimu imamuonetsa ngati munthu wabwino, chonsecho ndi iye amene akupereka chibwenzi chake Caroline, ataledzera osadziwa kanthu, kwa kamnyamata kowonda kaja kuti kapite naye pa Rolls-Royce ya bambo ake a Jake. Kutacha, Caroline sakukumbuka bwino zimene zachitika usikuwo, ndipo oonera akuyembekezeredwa kuseka. Sindipezapo choseketsa. Ringwald mwiniwake analemba mu magazini ya The New Yorker mu 2018, nthawi ya #MeToo, kuti mbali imeneyi imamusowetsa mtendere, ngakhale amayamikirabe Hughes, yemwe anamwalira mu 2009, chifukwa cholemba za atsikana pamene ena sankawalabadira.

Ena amadabwa kuti zoterezi zinaloledwa bwanji kwa ana. Poyamba filimuyi anaipatsa chizindikiro cha R, cha akuluakulu. Eni ake atadandaula, anaitsitsira pa PG. Chizindikiro cha pakati, PG-13, chinadzayamba mu Julaye chaka chomwecho, filimuyi ili kale m'makanema.

Mukaionera, yang'anitsitsani anzake a kamnyamata kaja: mmodzi ndi John Cusack asanatchuke, ndipo mlongo wake Joan ndi mtsikana wovala chogwiriziza khosi. Nanga Jake Ryan? Amene anasewera mbaliyi, Michael Schoeffling, yemwe pojambula anali atapitirira kale zaka 20, anasiya zamafilimu mu 1991 n'kukayamba ukalipentala ku Pennsylvania.